Nambala Seveni ya Achimwene

Achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atanyamula chikwama chimodzi, gitala yamagetsi, kabokosi kakuda kopondera ndi phazi, ndi chifuwa chosatha. Abale m'mudzi mwathu, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, ankayembekezera njinga ndi mabulangete. Atamva chifuwacho anasiya kufunsa. Masiku amenewo munthu akabwera ataonda choncho aliyense ankadziwa, koma palibe ankatchula.

Kabokosiko ankakakonda kuposa ife tonse, ndikunena zoona. Unkalowetsa waya wa gitala mbali imodzi, mbali inayo n'kutulutsa waya wopita ku sipika, gitala n'kusintha mawu. Kanali ndi kawindo koonetsa manambala ofiira, nambala iliyonse ndi mawu ake. Ambiri anali phokoso lopanda mutu. Koma nambala seveni anaikonza okha ndi khutu lawo, zaka zimene ankaimba Loweruka lililonse akaweruka ku ntchito. Mawu ake anali onenepa, ofunda, okhala ndi kamkwiyo pang'ono kumapeto kwa nsambo. Amayi, amene ankati gitala ndi ya anthu oyendayenda, ankasiya kupeta mpunga akamva nambala seveni.

Magetsi tinalibe, ngakhalenso ampu, chibokosi chokuzira mawu a gitala. Ankalumikiza kabokosiko ku wailesi yawo ya kaseti, zonse zikudya batire ya galimoto imene ine ndinkakatchajitsa ku Naisi pa njinga. Malipiro anga anali kuphunzira.

"Iyi ndi geyini," anandiuza tsiku lina pakhonde. "Ukaikweza gitala imakwiya. Ikhale ngati mchere, osati ndiwo. Iyi ndi kabineti. Imanamiza kawailesika kuti ndi chibokosi chachikulu chamatabwa chodzaza masipika. Ukaizimitsa umva mavu okhaokha." Kenako analoza batani lofiira. "Ili ndi losungira. Usaligwire, iwe."

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinkadziona wodziwa zinthu.

Mvula itatha, zala zawo zinayamba kukana nsambo. Nthawi yomweyo kwaya yathu inaitanidwa ku chikondwerero cha makwaya ku mpingo woyandikana nawo. Ndinapempha kabokosiko. Anandibwereka mosanyinyirika, anangoti ndikabwezeretse mmene kalili.

Kumeneko kunali ampu yeniyeni ya gitala, ya aphunzitsi ena ake. Nditalumikiza n'kuika nambala seveni, gitala inamveka ngati munthu akuimbira mumtsuko. Lero ndikudziwa chifukwa chake: ampuyo inali kale ndi bokosi lake, ndiye kabineti ya m'kabokosi inali kuphimba mawu kachiwiri. Tsikulo ndinangoona atsikana a kwaya ina akuseka. Ndinazimitsa kabineti, ndinakweza geyini kuti ndipose kiyibodi, ndinapotoza ndi zina zimene sindinkazidziwa n'komwe, mpaka gitala inang'amba tchalitchi. Vuto linali lakuti ndikaponda nambala ina n'kubwerera, zonse zinkabwerera mwakale. Ndiye ndinadina batani lofiira lija. Nambala seveni inayamba kuphethira, ngati ikundifunsa. Ndinadinanso.

Anthu anatiombera m'manja kwambiri. Ndinabwerera kunyumba phewa lili m'mwamba.

Patapita masiku atatu achimwene anandiitana pakhonde. Anali atagona pamphasa, atatsamira thumba la mpunga wosapuntha.

"Tandiimbira seveni," anatero. "Manja angawa atha, koma makutu akadalipo."

Nditangokhudza nsambo, wailesi inalavula mavu aja. Nkhuku zinathawa pabwalo. Mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza mopusa kuti mawu akale akadali penapake m'katimo. Ndinayatsa kabineti, koma panali mitundu ingapo, ndipo sindinkadziwa umene unali wawo. Manambala amene anasankha pa geyini ndi zinazo sanalembedwe paliponse. Anali m'kabokosi mokha, ndipo ine ndinali nditawafafaniza.

"Chachitika n'chiyani?"

"Kaya, achimwene. Mwina batire inafooka, kabokosi kaiwala."

Bodza limenelo linatuluka losalala, ngati ndinalikonzeratu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kuphiri.

"Zimatheka," anatero. "Tiyambirenso."

Tinayambiranso, ndipo zinatitengera pafupifupi mwezi. Tinkagwira masana dzuwa likapendeka, nthawi imene chifuwa chinkawapatsa mpata. Ine ndinkaimba kachidutswa kamodzi komweko, iwo atatseka maso.

"Tsitsa geyini. Tsitsanso. Ayi, wapha, tsopano yauma. Kweza kamodzi."

"Apa bwanji?"

"Sintha kabineti. Imeneyo ndi yamphuno. Ndikufuna ija yapachifuwa."

Chovuta n'chakuti zinthu ziwirizi zimakokana. Ukasintha kabineti, geyini imene inali bwino imayamba kuluma, ndiye uyambirenso kutsitsa. Batire ikafooka wailesi nayo inkayamba kunjenjemera mawu, osadziwa ngati cholakwa ndi ife kapena iyo. Masiku ena ankatopa tisanafike patali, n'kungokweza dzanja kuti basi. Masiku ena ankakwiya, n'kunditcha gonthi. Ndinkakondwa akandikalipira, chifukwa ndinkaona kuti ndikulipira pang'ono.

Amayi sankakondwa nazo. "Mwana akusowa mpweya, inu mukumutopetsa ndi manambala," ankatero. Ankanena zoona. Mphamvu zimene achimwene akanalankhulira ndi amayi, kapena kukhala padzuwa chabe, zinkathera pokonza chimene ine ndinawononga pofuna kusangalatsa atsikana amene lero sindikumbukira ngakhale nkhope zawo. Zinkandiwawa, ndipo ndinkachita manyazi. M'mawa uliwonse ndikamapita kudimba ndinkadziuza kuti lero ndiwauza. Ndikafika pakhonde n'kuona mmene mafupa a m'khosi atulukira, ndinkati si lero, ndisawawonjezere zowawa. Kunena mosabisa, ndinkadzimvera chisoni ndekha, osati iwo.

Tsiku lina Lachinayi sanathenso kutuluka. Ndinalowetsa wailesi ndi batire m'chipinda chawo, ndinatsegula zenera kuti mulowe kuwala. Mawu awo anali atatsala pang'ono kwambiri, moti ndinkachita kuwerama kuti ndimve. Tinasuntha geyini kamodzi, kenako tinaibwezera. Ndinaimba kachidutswa kaja. Panja phokoso la lichero linaleka, ndipo amayi anabwera kudzaima pakhomo.

"Pamenepo," anatero achimwene.

Sindikudziwa ngati anali mawu omwe aja enieni. Ine ndinkamva ngati akale anali okoma kuposa awa, koma mwina ndi mlandu umene unkandimvetsa choncho.

"Sunga," anatero.

Chala changa chinaima pamwamba pa batani lofiira. Ndinayesa kuchita ngati sindikudziwa kasungidwe kake, poti munthu wosaligwirapo akanafunsa.

"Ndingodina, achimwene?"

Anatsegula maso. Munalibe ukali m'menemo, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo.

"Kawiri," anatero. "Ngati mmene unachitira muja. Kabokosi aka sikaiwala kokha."

Ndinadina kawiri. Ndinafuna kunena kuti pepani, koma amayi anali pakhomo, ndipo chifuwa chinawagwira achimwene mpaka tinawadzutsa kuti akhale tsonga. Ndinadziuza kuti ndinena mawa tikakhala awiri. Mawa lake m'chipindamo munadzaza azakhali ndi amayi a mvano akuimba nyimbo motsitsa, ndipo sitinakhalenso awiri. Anamwalira Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi.

Pogawa katundu amalume anandipatsa gitala ndi kabokosi, akuti ndine amene ndinawasamalira achimwene mpaka mapeto. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo sindinawatsutse.