ADaka Alila Malilo Pachulu

Ku Ndake kunalibe malilo amene aMateus Daka sanapiteko. Iwowa anabwela kuchokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali ndi khasu limodzi ndi mkazi wao, amai Rute. Anzao atabwelela kwao, iwo anatsala n'kumalima thonje. Abale kuno analibe, ndipo nkhawa yao inali imodzi: Ambuye akadzawaitana, manda adzawakumbila ndani? Choncho ankafika pamalilo alionse, ngakhale a munthu amene anakangana naye za mbuzi, kuti anthu aziwaona.

Mtima wao unali wodwala kale. Miyendo inkatupa, ndipo akakwela kamtunda ankapuma ngati ng'ombe yapangolo. Kolona itafika, nasi wa kukiliniki sanawabisile.

"Bambo, matendawa akagwila mapapo, mtima umagwila nchito ya anthu awili. Wanuwu ya munthu mmodzi ikuukanika. Pagulu musapezekepo."

"Ndi pamalilo pomwe?"

"Makamaka pamalilo."

Mwezi usanathe anamwalila aMumba, mnzao wa pamzele wolandila mankhwala a mtima. Anayamba ndi kachifuwa Lolemba, pofika Lachisanu mpweya unawathela.

Amai Rute anabisa nsapato m'nkhokwe, njinga anaiphwetsa. "Mukapita, mukagone komweko pambali pa aMumba," anatelo.

ADaka ananyamuka osavala nsapato. Koma mau a nasi aja ankawaopabe, ndiye kumanda sanayandikile. Anakwela chulu cha m'munda wina chapatali, akupumila katatu asanafike pamwamba. Atayang'ana, anaona kuti anthu onse awafulatila. Nanga kulila kosaonedwa kuli ndi phindu lanji? Anatsitsa kansalu kakukamwa, nayamba kukuwa.

"Mayo ine! AMumba mwandisiya! Ndine Daka, ndabwela! Daka wa thonje uja!"

Alaliki anasokonezeka, nawelenga vesi limodzi kawili. Mapeto ake Jethro, mkulu wa okumba manda, anabwela fosholo ili paphewa, naima pansi pa chulu.

"Bambo Daka, tsikani. Mukafela pamenepo tikutsitsani bwanji?"

"Koma mwandiona?"

"Takumvani, ndi a kutali ku Luembe omwe akumvani. Manda anu tidzakumba ife, Mulungu ndi mboni. Dothi n'lofewa, fosholo nayi. Mukafuna tiyambe lelo."

"Usafulumile, mwanawe," anatelo aDaka, atagwila pachifuwa. "Ungowauza anzako."

Anatsika chokhala, pang'onopang'ono, nabwelela kunyumba mtima uli m'malo. Kuyambila tsiku limenelo mpaka katemela atabwela, malilo onse ankalilila pakhonde pao, amai Rute akusenda nshawa pambali. Okumba manda akamadutsa pamseu ankakweza mafosholo m'mwamba n'kufuula, "Tikukumbukila, bambo!"

ADaka ankabweza moni mokondwa, ndipo ankamwa mankhwala ao osaphonya.