Masamu a Tsiku la Sabata

Chovala choyera chija ndimachikumbukabe, chili lende pamsomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chathu ku Kabwata. Chinali chovala cha mu labu, chimene ana a kalasi ya sayansi ankavala pamwamba pa yunifolomu. Anzanga anagula zosokasoka m'masitolo a m'tauni, koma amayi anapita okha kumsika wa ku Kamwala, n'kusankha nsalu yolimba yonunkha sitachi, n'kukaipereka kwa telala wa pakhonde. Anamuuza kuti asoke chachikulu poti mwana akukulabe. Telalayo anamvera mopitirira muyeso. Manja ake ankabisa zala zanga, ndipo m'munsi munkandikwapula m'miyendo ndikamayenda. Sindinadandaule ngakhale pang'ono. Ndinkapinda manjawo, n'kuima pagalasi la wadirobu mpaka amayi achite kundikalipira kuti ndichedwa.

Chaka chimenecho ndinali nditangolowa giredi teni. Ife amene tinakhoza bwino mayeso a giredi naini anatiika m'kalasi ya 10A, ya sayansi yozama imene tinkaitcha pyuwa, m'mene fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje zinkaphunzitsidwa chilichonse pachokha. Pamwamba pa zimenezo panali masamu owonjezera amene tonse tinkawatchula kuti adima. Aphunzitsi a masamuwo anali bambo wamtali, wa choko m'ndevu, wosadziwa kumwetulira. Tsiku loyamba anatiuza kuti, "Izi ni zamene baphunzila ku yunivesiti chaka choyamba. Ngati mutu wako ni wa pulasitiki, uzasungunuka." Tinaseka. Kenako ananena lamulo: aliyense wolephera adima pakutha pa teremu yachiwiri atsika kupita ku 10C. Pamenepo tinasekanso, poti aliyense ankaganiza kuti akunena mnzake.

Kumafulati kwathu, nyumba zosanja zimene tinkakhalamo, nkhani yoti ndalowa kalasi ya sayansi inali m'kamwam'kamwa. Sindikudziwa amene anayamba, koma posapita nthawi dzina langa linatayika, ndinasanduka ba Dokota. Amayi a pakhomo loyandikana ankandiimitsa pamasitepe n'kumandionetsa bondo lotupa. Mnyamata wa pakantemba, kasitolo kamene tinkagula buledi, ankafuula ndili patali kuti, "Shani ba Dokota! Nili na chifuba, mundilembele mankhwala!" Ine ndinkayankha ndi kamutu kokha, mwaulemu wa munthu wotanganidwa. Lero ndikamadziona m'maganizo, kamtsikana ka miyendo yowonda kakuyenda mwamatama choncho, ndimalakalaka nditakakoka khutu. Paja akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Vuto linali Loweruka. Silabasi ya adima inali yaitali kuposa nthawi imene sukulu inapereka, choncho aphunzitsi ankaphunzitsa mbali zovuta Loweruka m'mawa. Ife tinali banja losunga Sabata. Dzuwa likalowa Lachisanu, mabuku a kusukulu ankatsekedwa, wailesi inkazimitsidwa, nsapato zinali zopolishidwa kale. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi, amene ankataipa makalata mu ofesi ina ya m'tauni, anandilera pakati pa ntchitoyo ndi tchalitchi. Lolemba lililonse ndinkapeza pabolodi zizindikiro zachilendo zimene anzanga anali atazolowerana nazo kale. Iwo ankayankha mothamangitsana, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndikumva. Teremu yoyamba ndinapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Yachiwiri itayamba, kuzizira kutafika, aphunzitsi analowa m'gawo la masamu lotchedwa kalikulasi, ndipo mutu wanga unaima.

Tsiku lina anandibwezera pepala langa lofiira ndi cholembera chawo, n'kunena kalasi yonse ikumva kuti, "Ukauze bamai bako basankhe. Pa Satade ufunika kuno. Ngati siubwela, desiki yako izayenda." Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawuwo. Pasukulu pathu madesiki anali operewera, ndiye mwana aliyense ankasunga imene anapatsidwa, ndipo wosamutsidwa kalasi ankasamuka nayo atainyamula yekha.

Uthengawo ndinausunga mpaka Lamulungu, pamene amalume anabwera kuchokera ku Chelstone. Anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi, munthu wa mpingo wa Pentekoste, wa mawu aakulu ndi taye yowala, ndipo ankakonda kutulukira kwathu akachoka kumapemphero, mawu atasasa ndi kuimba. Ndinadziwa kuti adzakhala kumbali yanga, choncho ndinanena nkhaniyo tikudya. Amalume anaika supuni pansi. "Ba sisi, Mulungu ndiye anapanga masamu. Manje azakwiya bwanji mwana akaphunzila vintu vake?" Analankhula nthawi yaitali za chisomo, za chilamulo, za ana a anthu olemera a ku Kabulonga amene makolo awo amawalembera aphunzitsi apadera. Amayi anangoti, "Idya, chakudya chizizila."

Apa ndiyenera kunena chimene amayi anali kutchalitchi kwathu. Anali dikonesi, mmodzi wa amayi osankhidwa kutumikira mpingo. Ankakhala pabenchi ya kutsogolo atavala duku loyera. Pa tsiku la Mgonero ndiwo ankakonza mabeseni ndi matawulo osambitsirana mapazi, ndipo atsikana obatizidwa ankatuluka m'madzi n'kugwera m'manja mwawo. Analinso ndi pakamwa. Mwana wa mpingo akapezeka akugula maswiti pa Sabata, ankapempherera kuti amuone wina aliyense koma osati amayi anga. Ndinalibe chiyembekezo choti munthu wotere angasinthe chifukwa cha kalikulasi, ndipo sabata yonseyo ndinawakwiyira mumtima, ndikutsuka mbale mwaphokoso.

Loweruka lotsatira kunacha ndi chisanu cha Juni, chija cholowa m'mano. Ndinali nditavala kale diresi langa la kutchalitchi pamene amayi analowa m'chipinda, duku lili kumutu, Baibulo lili m'khwapa.

"Vula. Vala yunifomu."

"Koma amai, lelo ni Sabata."

"Niziba tsiku. Yenda, uzachedwa."

Sanandiyang'ane. Anakonza nsalu ya pabedi imene inali yokonza kale, n'kutuluka.

Ndinkaganiza kuti ndidzasangalala, koma ulendo wa m'mawa umenewo sindiufunira munthu. Msewu wonse unali wa anthu a mpingo wathu, abambo m'masuti, amayi atanyamula madengu a chakudya cha masana, ana atagwira mabuku a nyimbo. Onse ankalowera uko, ine ndekha ndikulowera kuno, m'siketi ya sukulu ndi masokosi oyera. Ndinadzera kuseri kwa mafulati, m'kanjira ka zinyalala konunkha makala onyowa, komabe pokwerera basi ndinakumana ndi akazi a mkulu wa mpingo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ba Dokota, chipatala chatsegula na lelo?" Minibasi itafika ndinakakhala kumbuyo kwenikweni n'kuika chikwama pankhope.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinali kusukulu. Ndimakumbukira bata la malowo: makalasi otseka, mlonda akuwotha mbaula pageti, choko chikulira pabolodi, zala zanga zitauma moti cholembera chinkandipulumuka. Ndimakumbukiranso kuti sindinkamva kanthu. Ndinkaganiza kuti ndikangopezeka m'chipindamo masamu adzalowa okha, ngati kuti chimene chinkandisowa chinali mpando basi. Koma anzanga anali atamanga kale maziko miyezi imene ine kunalibe, ndipo aphunzitsi sankabwerera m'mbuyo. Akafunsa kuti pali amene sanamve, dzanja langa linkalemera. Dokotala wa mafulati onse, amene mayi ake aphwanya Sabata chifukwa cha iye, angaimirire bwanji n'kunena kuti sakudziwa chiyambi chomwe? Tsopano ndikudziwa kuti bambo uja, ndi nkhope yake yowawayo, akanandithandiza ndikanapempha. Panthawiyo ndinaona kuti kuli bwino kumira mwakachetechete.

Madzulo a Loweruka amayi ankabwera kuchokera kutchalitchi, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kundifunsa funso limodzi: "Wamvela?" Ine ndinkati, "Namvela." Za kutchalitchi sankanena, inenso sindinkafunsa. Ndinkaopa kumva zimene anthu akunena za ine.

Mayeso tinalemba mu Ogasiti, mphepo ikulowetsa fumbi m'mawindo osweka mpaka pepala kumachita mchenga pansi pa dzanja. Funso loyamba ndinaliyesa. Lachiwiri ndinalemba zimene ndinaloweza, ndikudziwa kuti si zake. Otsalawo ndinangowayang'ana. Sabata yotsekera sukulu aphunzitsi analowa ndi mapepala, ndipo atafika pa ine sanakalipe, sananyoze. Anangoti, "Nyamula desiki yako." Kukalipa kukanakhala bwino.

Desiki ya sukulu ndi chinthu chopanda pogwira. Inali ya miyendo yachitsulo ndi thabwa lolemera pamwamba, ndipo ndinayesa kuikumbatira, kenako kuikoka, kenako kuisenza pamutu monga ankachitira anyamata. Kuchokera ku 10A kupita ku 10C unkadutsa khonde lonse, pamaso pa makalasi a giredi ileveni, n'kuwoloka bwalo la asembule. Mwendo umodzi unkakhula simenti n'kumalira, ndipo kulirako kunaitana nkhope m'mawindo onse. Wina anaimba mluzu. Wina anafuula kuti, "Ambulansi ipite!" Chikwama chinanditsika paphewa n'kulendewera pachigongono, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunali mphepo. Nditafika pakhomo la 10C, ana amene miyezi yonseyo ndinkawadutsa osawapatsa moni anayamba kumenya madesiki awo ngati ng'oma. "Welokamu ba Dokota! Odwala tili pano!" Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvenso pena paliponse, ngakhale pa zinthu zazikulu zimene ndinalakwa nditakula.

Amayi ndinawauza atangofika kuchokera kuntchito, asanakhale n'komwe, kuti ndithane nazo. Ndinayembekezera mawu a pakamwa paja, oti ndawataitsa Sabata pachabe. Anandifunsa chikwama chidakali m'manja.

"Ku 10C kuli ma lesoni pa Sabata?"

"Kulibe."

"Chabwino. Yasha mbaula."

Zinathera pomwepo. Amalume ndi amene anachita phokoso Lamulungu, akuti mwana anayamba mochedwa, akanamvera iwo kalekale bwenzi zonsezi kulibe. Kumafulati dzina lija silinafe msanga. Ena ankaliitana posadziwa, ena akudziwa bwino, ndipo ine ndinaphunzira kutuma ana aang'ono kukantemba m'malo mopita ndekha.

Sabata yoyamba ya holide ndinabwerera kutchalitchi. Ndinayenda pambuyo pa amayi, maso ali pazidendene zawo, ndikumva ngati aliyense akudziwa za desiki. Titalowa, ndinayamba kulunjika kutsogolo monga mwa masiku onse, koma amayi anandigwira mkono n'kundikhotetsera kubenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala amayi a makanda olira ndi anthu obwera mochedwa. Mtima unandiwawa. Ndinati basi, akundibisa. Mwana wawo wawachititsa manyazi moti sangakhale naye pamene anthu akuona. Nyimbo itayamba ndinawanong'oneza kuti andikhululukire. Anati, "Khala chete, imba."

Zoona zake ndinazimva patapita zaka zambiri, ndili kale pantchito, kuchokera kwa amalume, amene anazitchula mongodutsa poganiza kuti ndikuzidziwa. Loweruka lija la chisanu, ine ndikubisa nkhope mu minibasi, amayi anafika kutchalitchi n'kupita okha kwa akulu a mpingo, asanaitanidwe ndi munthu. Anawauza kuti mwana sanathawe, amutuma ndi iwo, ndipo adzamutumanso sabata yamawa. Anati sangaime kutsogolo kumadzudzula ana a eni pa chinthu chimene iwo akuchita m'nyumba mwawo, ndipo anatula udikonesi tsiku lomwelo. Sanaupemphenso, ngakhale masamuwo atatha.

Koma m'mawa umenewo ine sindinkadziwa chilichonse cha izi. Ndinali ndi zaka zimene munthu amaganiza kuti manyazi onse a m'dziko ndi ake. Ndinaona kuti duku la amayi linali la maluwa, osati loyera, n'kuganiza kuti loyeralo silinaume. Ndinaona mayi wina wachilendo akukonza tebulo la kutsogolo, n'kuganiza kuti akungothandiza. Ndipo pamene tinkakhala pansi, mayi wa khanda amene anali pabenchipo anachotsa thewera ndi botolo pambali pake, asanapemphedwe, n'kumwetulira amayi ngati mnzawo wakale.

"Nakusungilani malo yanu, amai," anatero. "Lelo mwabwela na mulendo?"

Ndinadabwa kuti amayi anga akhala bwanji ndi malo awo kubenchi ya kumbuyo, koma ndinali wotanganidwa ndi kubisa nkhope yanga, ndipo sindinafunse.