Nyimbo yathu yatitayitsa ukwati

Mwaswera bwanji abale.

Lero kuchigayo cha mpunga, Mayi Phiri amasankha kwaya yokaimba paukwati wa mwana wawo. Atsegula nyimbo yathu pafoni. Itangofika poyambitsa ine, yaima, kampira kodikiritsa ka pafoni kaja kakungozungulira, anthu kuseka.

Atsegula ya kwaya ya alamu a ku Benga, yayenda mpaka Amen. Ukwati awapatsa iwowo.

Alamuwo akuti, "Poika nyimbo pa intaneti ife tinasankha seva, kompyuta yosungira nyimboyo, yapafupi, ya kuno ku Africa. Yanuyo ikubwera wapansi kuchokera ku Ulaya."

Ndinakakamira seva ya dziko lonse lapansi ndine, ndimafuna azungu atimve. Koma zoona, mawu osasa a alamu aja angapose anga?

Ndiye nditani, ndikawapemphe atisinthire seva? Alamu, ndikudziwa mukuwerenga, musayankhe inu.