Amati Akufuna Mkazi Woyera

Ine ndinabadwa wakuda, ndipo sindikunena kuda kwamasewera. Kwathu ku Lirangwe akuda ndife ambiri, pakuti dzuwa la kumeneko silinyengerera munthu, koma ngakhale pakati pa akuda anzanga ine ndinali wolozeredwa chala. Mayi ankati ndinatengera agogo aamuna, ngati kuti mawu amenewo angatonthoze mtsikana.

Chinenero chathunso sichinandikomere mtima. Nsalu ikachita litsiro timati yada. Munthu akakusungira chidani timati akukuda. Nkhawa timachita kuda nayo, ndipo mfiti zimadikira kuti kude. Tsono tembenukirani kwinaku: mbale yotsukidwa yayera, angelo ndi oyera, Mzimu ndi Woyera. Mawu amodzi omwewo akugwira ntchito pakhungu, pa sopo ndi kumwamba. Lamulungu lililonse ndinkaimba nawo kuti Ambuye andiyeretse, ndipo pena sindinkadziwa kuti ndikupempha ziti.

Nditasiya sukulu ndinayamba kugulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Kumeneko ndi kumene anandipeza mnyamata wina wa ku Chileka, wogwira ntchito pabwalo la ndege. Ntchito yake inali yonyamula masutikesi a eni ake, koma akamayankhula mukanati ndege sizitera asanavomere iyeyo. Ankapalasa njinga mtunda wonsewo kudzagula tomato, ngati kuti ku Chileka tomato adaletsedwa. Ndinamukonda, osati pang'ono. Anali munthu woyamba kundiyang'ana kumaso popanda kuyamba waseka, ndipo atanena za banja ndinavomera asanamalize n'komwe.

Atsibweni anga, amene anali nkhoswe, anapita ku Chileka kukaonana ndi akuchimuna. Anabwerako akumwetulira, nakhala pakhonde pamene banja lonse linawadikirira.

"Zonse zayenda bwino," anatero. "Kungoti mayi ake a mnyamata anena mawu amodzi. Akuti kwawoko amafuna mkazi woyera."

Onse anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Palibe anafunsa kuti mayiwo ankatanthauza chiyani. Atsibweni nawonso sanafunse kumeneko, chifukwa anawalandira ndi tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, ndipo munthu wodzaza m'kamwa safunsa mafunso.

Amene anayamba kuyankhula anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Iwo anakhalapo ku Ndirande zaka zingapo, ndipo kuchokera pamenepo ankayankhula za ife akumudzi ngati anthu ofunika kuwamvera chisoni.

"Mukudandaula zimenezo?" anatero. "M'tauni anthu akuda adatha kalekale. Mundisiyire ine mwanayu."

M'mawa mwake anakwera basi ya ku Limbe, nabwerako ndi kachubu ka mafuta oyeretsa khungu, kokhala ndi chithunzi cha mkazi amene sanaonepo khasu chibadwire. Malamulo anali awiri: kudzola m'mawa ndi madzulo, ndiponso kusaonana ndi dzuwa. Umu munali mu Okutobala, ku Lirangwe, kumene ngakhale mbuzi zimakanganirana mthunzi wa mlambe. Anandichotsa pamsika, anandichotsa kumunda, anandikhazika m'nyumba. Ndikafuna kupita kuchimbudzi ndinkafunda chitenje kumutu, ambulera pamwamba. Mayi anatsala akukonza mizere ndi azing'ono anga, ndipo khasu lawo linkamveka ukali mpaka kunyumba. Bambo anangofunsa kamodzi kuti, "Kodi mwanayu akuvinidwa kachiwiri?" Azakhali atawayang'ana, bambo anakumbukira kuti ali ndi ntchito ina kukhola.

Mnyamata uja anauzidwa kuti ndapita kwa abale ku Mdeka. Azakhali ankafuna kuti adzandione nditapsa kale, ngati nthochi yovundikira.

Tsoka lake, mafutawo ankagwiradi ntchito. Patapita milungu ingapo nkhope yanga inayamba kuwala. Ndinkadziyang'ana pagalasi n'kumasangalala, ndisaname. Koma makutu, khosi ndi manja zinakana kusamuka. Nkhope inali ya mlendo, makutu anali anga. Nditadandaula, azakhali anati kachubu n'kakang'ono, tiyambe ndi pamene anthu amayang'ana, zinazo mwamuna adzazipeza atalowa kale m'khola.

Chimene azakhali anaiwala n'chakuti masiku amenewo khungu lako linkatha kukhala lako, koma miyendo inali ya chipani. Tsiku lina kunabwera mayi wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Anati mwini dziko akubwera kuchokera kunja, atera pa Chileka, ndipo amayi ndi atsikana onse akamulandire ndi magule.

"Mwanayu akudwala," anatero azakhali.

Mayi wapampando anasuzumira m'nyumba, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akudwala chiyani munthu wonenepa chonchi, wowala ngati namwino? Matenda amenewo atipatsireko. Lole inyamuka m'mamawa."

Kukana kukavina kunali kuitana anyamata a chipani, ndipo mafunso awo sankathera pakhonde. Azakhali, amene pakamwa pawo sipankagonja kwa munthu, anavomera kuti ndipita. M'mawa wa tsikulo anandipaka mafuta aja mowirikiza, amvekere akachuluka anditchinjiriza ku dzuwa. Nzeru za ku Ndirande zimenezo.

Lole yake inali yopanda denga. Titafika pabwalo la ndege anatindandalika paphula, tonse mu nsalu zofanana. Nditangoti nditambasule ambulera, mnyamata wina wa chipani anailanda.

"Mwini dziko akubwera kudzaona mbumba yake kapena maambulera?"

Ndege inachedwa, monga zimachitira ndege zonyamula anthu osafunsidwa chifukwa chochedwera. Tinaimba, tinavina moyeserera, tinaimbanso. Dzuwa linkatimenya kuchokera kumwamba, phula n'kumatibwezera kuchokera pansi. Anzanga ankangotuluka thukuta n'kumapukuta, basi. Ine nkhope inayamba kuyabwa ngati ndagwera m'chitedze, kenako kuyabwa kunasanduka moto. Thukuta linkatsetsereka ndi mafuta aja kulowa m'maso. Kulira kwanga sikunadabwitse munthu, chifukwa aliyense ankaganiza kuti ndagwidwa ndi chikondi cha dziko.

Chapatali, pamthunzi wa khonde la nyumba ya pabwalopo, panakhala azungu angapo ovala zipewa. Dona wina anali ndi mapewa ofiira psuu, akusupuka. Mayi amene anaima pambali panga, yemwe mwamuna wake ankaphikira azungu ku Blantyre, anandinong'oneza kuti amachita dala. Akuti amagona padzuwa atavula, kufuna kuti adeko, akakadzitame kwawo. Ndinamuyang'ana donayo ndi maso anga otupawo. Tonse awiri tinali pa ntchito imodzi, kungoti aliyense ankathamangira kumene mnzake akuthawa.

Ndege itatera sindinaone n'komwe amene tinadzamuvinira. Amene ndinamuona ndi mnyamata wanga, atavala ovolosi, akukankha ngolo ya masutikesi. Ndinabisala kumbuyo kwa mayi wina wathupi, n'kumavina chowerama mpaka anadutsa.

M'masiku otsatira nkhope inatuluka matuza, inasupuka, ndipo pamasaya panatsala zigamba zakuda kuposa mmene ndinabadwira. Mayi sanapemphe maganizo kwa azakhali ulendo uno. Anandigwira dzanja n'kupita nane kuchipatala. Adokotala, bambo wotopa amene ankaoneka kuti nkhope zotere waziona zambiri, ananunkhiza kachubu kaja n'kukaponya m'ndowa ya zinyalala.

"Mwasasula denga, kenako mwakaima pamvula," anatero. "Ukudziwa ntchito ya kuda kwakoku, iwe?"

Sindinkadziwa kuti kuda kuli ndi ntchito. Ndinkayesa ndi tsoka chabe.

Anandifotokozera akulemba mankhwala, osandiyang'ana. Anati khungu limapanga lokha utoto wakuda, ndipo utotowo umagwira ukali wa dzuwa usanalowe m'kati kukawononga. Anthu onse a padziko, ndi azungu omwe, makolo awo akalekale anachokera kuno kotentha, ndipo anali akuda. Kuno amene khungu lawo linkapirira dzuwa ndi amene ankakhala athanzi n'kusiya ana ambiri, ndiye kuda kunakhazikika. Ena anasamukira kumaiko ozizira kumene dzuwa limangosuzumira. Koma thupi limafunabe dzuwa pang'ono kuti mafupa alimbe, ndipo kumeneko khungu lakuda linkatsekereza ngakhale kochepa komweko. Mibadwo itapita yambirimbiri, ana a anthu amenewo anayamba kutuwa, kuti kadzuwa kawo kosowako kazilowa.

"Ndiye kuyera kumene ukukufunaku si mphoto," anamaliza. "Ndi njala ya dzuwa. Iwe ku Lirangwe dzuwa ukulisowa?"

Ndinatuluka m'chipatala nditakwiya ndi aliyense. Makolo anga anapirira dzuwa mibadwo yosawerengeka kuti andisiyire chofunda chimenechi, ine n'kukachisinthanitsa ndi kachubu ka ku Limbe. Koma ukali sunkachiritsa masaya, ndipo nkhani inali itandipitirira kale. Amayi a ku Chileka amene tinavina nawo anali ndi maso, ndipo pakamwa anali napo.

Mayi ake a mnyamata anabwera okha kudzaona. Nditawaona akulowa pabwalo, mtima unangoti phwii. Anali akuda kuposa ine. Anavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo ndi duku yoyera, buku la nyimbo lili m'manja ngati kuti kwathu kuli maliro. Anakhala pamphasa, mayi ndi azakhali ali pambali, ine n'kugwada patsogolo pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyu," anayankha azakhali. "Musaone zigambazi, ndi dzuwa la pa Chileka. Zikapola ayera bwinobwino monga munanenera."

"Monga ndinanenera ine?"

"Paja munati mukufuna mkazi woyera."

Mayiwo anaika buku lija pamiyendo. "Ine ndinati woyera. Wa mpingo, wodzisunga, wosayendayenda. Za khungu ndinganene ine, mukundiona mmene ndililimu? Nkhope zodzola chonchi ife timaziona pa Lunzu, pakhomo pa mabala a mowa. Mwana wanga sangatenge zimenezi."

"Mukadanena momveka," anatero azakhali.

"Mukadafunsa."

Akuluakulu adati safunsa anadya phula. Anthu ena mwambi umenewu amangoumva, koma ine phula lake ndinaliponda ndithu, tsiku lathunthu, ndikuimba. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti kuyera kumene mayiwo ankanena ndinali nako. Sindinadumphepo Lamulungu, ndinali wa kwaya, khomo la bala sindinkalidziwa. Ndinali mkazi woyera mpaka tsiku limene anayamba kundiyeretsa.

Mnyamata anabwera kamodzi kokha. Sanafike pakhomo, anaima pamsewu atagwira njinga, natuma mwana kudzandiitana. Atandiona anagwetsa nkhope.

"Munadzipangiranji zimenezi? Ine ndinkabwera kuno kudzagula tomato kwa munthu wakuda. Ndinadandaulapo?"

"Ndiye kawauzeni mayi anu zimenezo."

Anayamba kuzunguza pedulo ndi phazi. Munthu amene ndege sizinkatera popanda iye anayang'ana unyolo wa njinga ngati wauona koyamba.

"Mayi ndi ovuta," anatero.

Ndinamuuza kuti azipita kusanade, poti kwawo zakuda sazifuna. Anapitadi. Ndinalira masiku ambiri, ndipo misozi inkawawa podutsa pamabala. Mvula itagwa ndinabwerera kumunda, kenako kumsika, kumene amayi ogula tomato ankayamba awerenga nkhope yanga asanafunse mtengo. Pang'onopang'ono khungu linabwerera mwakale, kupatula zigamba ziwiri za pamasaya zimene ndili nazo mpaka lero. Ndinadzitonthoza kuti mayi aja, ngakhale anandilasa, anali munthu wa mfundo. Ankafuna mtima, ife n'kuwapatsa khungu. Kulakwa kunali kwa makutu athu.

Chaka chisanathe tinamva kuti mnyamata uja akukwatira. Mkwatibwi anali wa ku Madziabango, ndipo anthu a kwathu amene anapita ku ukwatiwo anabwera ndi nkhani yonse. Mtsikanayo anali woyera chibadwire, wofiirira ngati papaya wakupsa, makutu ndi khosi zomwe. Kutchalitchi sankadziwako. Anachita kumulowetsa kalasi ya mpingo mothamanga kuti ukwati udalitsidwe, ndipo pa tsikulo nyimbo ankangoyasamula. Apongozi ake, mayi a mfundo aja, akuti anavina mpaka duku inagwa, akuuza aliyense kuti Mulungu wawapatsa mngelo.

Azakhali anabwera kunyumba tsiku lomwelo, akuyenda ngati awina mlandu.

"Mwamva? Ndiye muzinena kuti ine ndinamva molakwa. Chichewa ndimachidziwa ine."

Mayi anawauza kuti atuluke. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu kwa mlamu wawo, ndipo bambo sanapite kukhola, anawatsegulira chitseko azakhaliwo.

Ndinadzakwatiwa patsogolo pake ndi munthu wina, amene nkhoswe zake zinafunsidwa mafunso mpaka tiyi anazizira. Koma funso limodzi linatsala lopanda woyankha, ndipo mayi aja anapita nalo kumanda. Ndinataya mwamuna amene ndinkamukonda chifukwa cha nkhope, zimenezo n'zosakayikitsa. Chimene sindidziwa n'chakuti anakana iti, imene ndinabadwa nayo kapena imene tinakagula ku Limbe.