Chaka chimene nkhumba za alamu anga zinaonda

Ndinagwira ntchito yophika pa koleji ina ya mishoni kuseri kwa Nsaru, ndipo mwa onse amene ankadya za m'manja mwanga, zonenepa kwambiri zinali nkhumba za alamu anga. Madzulo alionse alamuwo ankafika pa njinga, zigubu zili pa kaliyala, n'kukokolola mgolo umene ophunzira ankakhuthuliramo zotsala.

Kukhitchini mawu omaliza anali a akulu a ophika, bambo wachikulire amene kwawo ku Nambuma anali mkulu wa mpingo. Lamulo lawo linali limodzi: aliyense wofika pawindo ndi mbale yake alandire mitanda itatu ya nsima. Anyamata ankaimaliza n'kumayang'ana mbale za anzawo. Atsikana ambiri ankadya umodzi, iwiri inayo n'kuiponya mumgolo itanyowa kale ndi msuzi wa nyemba.

Kenako kunagwa njala yoopsa. Alimi amene ankatibweretsera chimanga pa ngolo analibe ngakhale cha ana awo. Kwathu ku Mpingu anthu ankalimbirana gaga pachigayo, pamene ine tsiku ndi tsiku ndinkaona nsima yoyera ikupita kukhola. Zinkandiwawa, ndipo zinkandipsetsa mtima.

Tsiku lina a pulinsipolo anatiitana ophika tonse n'kutiuza kuti matumba otsala m'sitolo safika kumapeto kwa teremu. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati ufa ulipo wokwanira, kungoti tikugawana ndi nkhumba, ndiye bwanji tizimufunsa wophunzira aliyense mitanda imene akufuna.

Akulu a ophika anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mayi, kodi kwanu mlendo mumamufunsa kuti adya zingati? Kumeneko n'kumana."

Sankanama. Inenso anandilera choncho: mlendo umangomuikira chakudya, kumufunsa n'kumuuza kuti akane. Koma ndinawayankha kuti mlendo sabwera katatu pa tsiku atanyamula mbale yakeyake.

A pulinsipolo anakanda mutu. Chibwerereni matipate, ophunzira akangokwiya pang'ono inali sitalaka, miyala n'kumagwa pa malata.

"Yesani," anatero. "Koma akaganiza kuti tikuwabera ufa n'kuswa mawindo, woyamba kuchoka ndinu. Tamvana, eti?"

Ndinavomera. Ndinali mayi wamasiye, ana ali pasukulu, ndipo chaka chimenecho munda wanga unali ntchito yomweyo.

Mbiri siigonera. Pofika Lolemba masana, koleji yonse inali itamva kuti ophika ayamba kuwerengera anthu nsima. Mzere umene masiku onse unkasokosa unali zii. Kutsogolo kunaima mtsogoleri wa ophunzira, mnyamata wamtali wa ku Kabudula amene mawu akuti ufulu ankawadziwa bwino kuposa mabuku ake. Akulu a ophika anandipatsa chipande n'kubwerera m'mbuyo, manja atapinda.

"Ingati, bambo?" ndinafunsa.

"Isanu," anayankha mokweza, akucheukira anzake.

Ankadikira kuti ndikane, phokoso liyambire pomwepo. Ndinamuikira isanu, n'kuwonjezera wina wabasela.

"Ikachepa mubwerenso," ndinatero.

Anaima kaye, mbale ikumulemera, kenako anapita kukakhala. Pambuyo pake panali kamtsikana koonda. Kanasendera pafupi n'kunong'ona kuti, "Umodzi, amayi." Wotsatira anati iwiri, wina inayi, wina umodzi, ndipo aliyense ndinamupatsa chimene watchula.

Holo yonse inkadya maso ali pa mtsogoleri uja. Mitanda inayi inatsika bwino. Wachisanu unatsika ndi thukuta. Wabasela uja unangokhala m'mbale, osakhudzidwa. Kumgolo sakanapita nawo, popeza nsima yambiri anaitanitsa yekha anthu onse akumva, ndipo anzake anali atayamba kale kumufunsa ngati ufulu wamukwana. Anadzuka n'kubwera pawindo.

"Amayi, mundisungire."

Ndinamusungira. M'mawa ndinauwotcha pa makala mkutewo n'kumupatsa pamodzi ndi tiyi wake, iye n'kudya pamaso pa onse, akuseka nawo. Kuyambira pamenepo wolephera kumaliza ankabweza mtanda usananyowe, ndipo m'mawa anyamata ankachita kukanganirana mkute. Ana a alimi okhaokha, onse anakulira mkute womwewo, kungoti pakoleji ankachita nawo manyazi.

Palibe windo limene linasweka. Amene anachita sitalaka ndi alamu anga. Anapendeketsa mgolo, anasuzumiramo, n'kupeza makoko a kabichi ndi madzi otsukira mbale.

"Mlamu, ndakulakwirani chiyani ine?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti nkhumba zawo zamaliza maphunziro, zikafune ntchito kwina. Anakwiya sabata yathunthu, kenako anayamba kuzitchetchera bonongwe kudambo ngati anzawo onse. Zinaondadi, koma sizinafe.

Chimanga chija chinatifikitsa pa mayeso. Tsiku lotsekera ndinalowa m'sitolo n'kupeza matumba akadalipo pakona. Ndinakhala pa thumba limodzi n'kuseka ndekha mpaka misozi. Ndinanyada, sindibisa.

Masana a tsikulo, ophunzira atapita, antchito tinafola pawindo kuti tidye. Akulu a ophika, amene teremu yonse ankangondipatsa moni basi, ndiwo anagwira chipande. Nditafika ndi mbale yanga anatsokomola kaye, maso ali pansi.

"Ingati, mayi?"

Ndinati iwiri, ndipo ndinaimaliza yonse.