Kasipuling'i ka a Orval

M'mawa uliwonse khofi asanawire, apongozi anga a Orval Stuckey ankatsegula volovolo yawo, kusuzumira m'mabowo onse asanu ndi limodzi kuti mulibe chipolopolo, kenako kusanjika kakobiri pampope pake. Ankaloza msomali wa pakhoma la galaja n'kukhethemula. Kakobiri kakagwa, ankatukwana kakobiriko. Kakapanda kugwa, ankatamanda mfuti.

Moyo wawo wonse anayendetsa basi ya ana a sukulu m'mapiri a Ozark muno. Mfutiyo anaigula asanakwatire, ndipo fakitale inasiya kupanga mtundu umenewo mwamuna wanga Curtis asanabadwe. Anzawo a ku kalabu ya owombera mfuti anali atagula kale zatsopano, za zipolopolo zisanu ndi zitatu. Iwo ayi. Pa mpikisano wa chaka ndi chaka ankathera pakati, mwina kumunsi, ndipo wolakwa ankakhala maso awo, mphepo, dzuwa, kapena nyemba za dzulo. Mfuti sinalakwepo.

Ine ndinalowa m'nyumba mwawo ndili munthu woti mukandifunsa dzina ndimayankha nsapato zanga. N'chifukwa chake ankanditcha a Phokoso.

Chaka chimene mwana wanga Junie anayamba kukwawa, manja a apongozi anali akunjenjemera, ndipo anagwirizana ndi Curtis kuti mpikisano wa chaka chimenecho ukhale womaliza. Ankafuna kutsanzika ndi mfuti yawo m'manja. Ndiye sabata ya mpikisanowo kasipuling'i ka m'kati kanathyoka, chigubu cha zipolopolo chinaleka kuzungulira. Kolowa m'malo kanalipo kamodzi kokha, kochokera m'mfuti ya mnzawo amene anatisiya kalekale. Ankakasunga m'botolo la mankhwala a mtima. Kukula kwake ngati njere ya mpunga.

"A Phokoso, inu mumalowetsa ulusi pasingano osatsinzina diso. Tabwerani kuno."

Anthu a mfuti ntchito ngati imeneyi amaigwirira m'thumba la pulasitiki loonekera m'kati, kuti kanthu kakadumpha kagwere momwemo. Thumba tinali nalo, manja anga anali kale m'menemo patebulo la kukhitchini. Koma iwo anati likuwatchinga.

"Tachotsani ichi ndizionako. Thumba n'la ophunzira."

Ndinadziwa kuti tikulakwa. Munthu wa pakamwa akananena. Ine ndinati, "Chabwino, Bambo," n'kulipinda bwinobwino ngati kansalu ka kutchalitchi.

Ting'!

Tinakamva kakugunda kudenga, kenako zii. Titawerama tinapeza Junie ali pansi pa tebulo, akutafuna, akutimwetulira.

Sindinadziwe kuti munthu woyendetsa basi ya ana angathamangitse galimoto chotero. Kuchipatala anamujambula mwanayo, dokotala anati m'mimba mulibe chitsulo, zimene ankatafuna zinali nyenyeswa za bisiketi. A Orval anakhala pansi, anavula chipewa, anapukuta m'maso. Pobwerera, tili m'galimoto, anandifunsa.

"Makina aja amaona zonse?"

"Akuti amaona, Bambo."

"Ehe. Komabe mukamamusintha, kungoyang'anako si tchimo."

Ndipo ine, mayi wa mwana, amene ndinamva ndi makutu anga zimene dokotala ananena, ndinayang'anadi. Thewera lililonse ndinkalitambasula pakhonde, kamtengo ka ayisikilimu kudzanja lamanja, maginito ya pafiliji kumanzere. Curtis ankaseka mpaka kugwira khoma. Tinasesanso khitchini, tinakhuthula makina opopera fumbi, tinasuntha chitofu. Tinapeza supuni, batani ndi dzino la galu amene anafa ine ndisanabwere.

Nkhani inafika ku kalabu. A Skeeter Pruitt, amene ankakangana ndi apongozi kuyambira ali anyamata, ankaimba foni m'mawa uliwonse, mawu omveka nyumba yonse.

"Orval iwe, fakitale yako yatulutsa kanthu lero? Uwauze apongozi akowo, zikatuluka ziwiri ndigulako imodzi!"

Loweruka linafika kasipuling'i kulibe. A Orval ananyamulabe volovolo yawo m'bokosi lake, ati tikangoonerera. Ine ndinasiya Junie kwa mlamu wanga n'kupita ndi chitumbuwa cha maapozi, chifukwa munthu akanyamula mbale safunsidwa mafunso.

A Skeeter anatichingamira.

"Nkhalamba iwe, wabwera ndi bokosi la maliro? Tenga yangayi uwombere."

"Chidole chimenecho?"

"Chidole chomwe chakhala chikukukwapula zaka zonsezi."

"Ndinabadwa ndi manyazi anga, Skeeter. Ndisiye."

Dzina lawo linaitanidwa. Anangoima, bokosi kukhwapa, ngati mwana amene basi yamusiya. Ine ndinali nditavala zotseka m'makutu zimene aliyense amavala kumeneko, ndipo palibe anandiuza kuti munthu ukavala zimenezo sudzimva. Ndinkayesa ndikunong'ona.

"BAMBO, KAWOMBERENI BASI!"

Kalabu yonse inatembenuka, ngakhale amene anali pamzere wa khofi. A Skeeter anavula chipewa.

"Orval, mfumu yalamula."

Anapita. Mfuti ya eni ija anaigwira ngati akugwira thewera. Koma mbale zachitsulo zimene amaziwombera pampikisano zinayamba kugwa, ng'a, ng'a, ng'a, osaphonya, manja onjenjemera omwewo. Pagulu la achikulire anakhala achitatu. Chinali chikho choyamba m'moyo wawo, ndipo anachilandira nkhope ili ngati awapatsa samani.

"Maso achira, eti?" anatero a Skeeter. "Mphepo yasamuka? Nyemba unasiya?"

A Orval ananyamula bokosi lawo, tinanyamuka. Titafika pakhomo anandipatsira chikhocho chakumbali.

"Mukachiike kuchipinda kwanu, a Phokoso. Mfuti yangayi isachione."

Sanawomberenso. Bokosi lija ankalitsegulabe, kupukuta, kudzoza mafuta, kuzunguza chigubu ndi chala. Akabwera alendo ankawauza kuti akanakhala ndi yawo akanakhala oyamba.

Chisanu chitafika pachimake mtima wawo unawagwetsa. Tsiku lomaliza kuchipatala Curtis anatuluka kukayankhula ndi anamwino, ndinatsala ine ndi Junie pamiyendo. Anandikodola ndi chala. Ndinasendera, ndikuganiza kuti andisiyira mawu akulu oti ndidzauze mwana akadzakula.

"A Phokoso."

"Ee, Bambo."

"Mukamasesa kukhitchini, zinyalala musamataye musanadutsitsemo maginito."