Kapepala ka Adokotala ndi Ng'oma za ku Mphamba

Ine thukuta ndinkadana nalo kuyambira ndili mwana. Kusukulu tsiku la masewera likafika, m'mimba munkandipweteka mokha osamutuma, mpaka aphunzitsi anandizolowera n'kumangondipatsa ntchito yolondera majuzi a anzanga pansi pa mtengo. Nditakula Mulungu anandimvera chisoni, anandipatsa ntchito yokhala pansi. M'zaka za m'ma 1990 ndinali wotayipa makalata mu ofesi ina pa boma la Lundazi, ndipo pathupi langa lonse zimene zinkagwira ntchito zinali zala zokha. Nyumba yathu inali pafupi kwambiri, moti ndikaima pakhomo la ofesi ndinkaona ngati ana aanula zovala. Teni koloko ikakwana kunkabwera mayi wina wogulitsa vitumbuwa, ndipo ine ndi iye sitinakhumudwitsanepo.

Choncho ndinanenepa, ndipo sindibisa, ndinkanyadira. Masiku amenewo munthu akayamba kuonda anthu ankakodolana, chifukwa matenda aja anali atalowa m'makomo ambiri ndipo maliro sankatha. Thupi langa linkauza aliyense kuti kwathu kuli bwino. Amuna anga, amene anali alangizi a zaulimi, ankayenda pambali panga monyada, iwowo ali ngati bango.

Kenaka mutu unayamba. Unkandigwira kunkhongo, maso n'kuchita chidima, mtima n'kumagunda ngakhale ndangokhala. Ndinapita kuchipatala. Adokotala, bambo wadazi wosakonda kuseka, anandimanga lamba wawo uja pamkono n'kupopa. Anayang'ana, anapopanso, kenaka anavula magalasi n'kundifunsa ngati kwathu kunali wina wodwala kuthamanga kwa magazi.

Analipo. Amayi anga anagwa ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, akusita malaya a abambo. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, ndipo anagona zaka ziwiri osalankhula mpaka anatisiya. Kwawo kunali chakumalire, mbali ya ku Kasungu, ndipo akuti pautsikana wawo panalibe wowaposa pa chimtali, gule wa azimayi uja. Atakwatiwa ndi abambo, amene anali aphunzitsi a mpingo, anauzidwa kuti mkazi wa mphunzitsi sagwedeza chiuno pagulu. Anakhala pansi, ananenepa. Ankangovina pang'ono kukhitchini abambo akachokapo, ine n'kumawatsanzira. Ali chigonere muja, tsiku lina kunali ukwati kutsidya, ng'oma zikumveka patali, ndipo ndinaona phazi lawo la kumanzere likugunda m'bulangete. Zonsezi sindinawauze adokotala, ndinangoti amayi anafa ziwalo.

"Amai, bipi yanu ili pamwamba maningi," anatero. "Mankhwala nizakupasani, koma ngati simuzayamba kugwilitsa nchito thupi, muzalondola amai anu."

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo mwana wanga wotsiriza, mtsikana, anali giredi thu. Ndinachita mantha enieni. Anandipatsanso kapepala kojambulidwa tianthu tokhala ngati timitengo, kena katagona chagada miyendo m'mwamba, kena kakudumpha manja ali balala. Ndinakapinda n'kukaika m'Baibulo.

Ndinayamba ndi kuyenda, poganiza kuti ndiye kosavuta. Ndinalawirira m'mawa n'kulowa mumsewu wa ku Chipata. Sindinafike patali, njinga inaima. "Mwauka uli, amama? Kwelani." Ndinakana mwaulemu, mwini njingayo n'kukhumudwa, poganiza kuti ndikunyoza kaliyala yake. Wachiwiri anafunsa ngati kwagwa maliro. Wachitatu anafunsa kumene ndikupita, ndipo nditati kulibe, ndikungoyenda, anandiyang'ana mwachisoni. Kwathu kuno munthu wamkulu sayenda wopanda kopita. Pofika tsiku lachitatu, mbiri inali itafika kumsika yoti ndayambana ndi amuna anga ndipo ndikufuna kuthawira ku Chipata wapansi, koma mtima ukumandibweza panjira. Azimayi awiri a kutchalitchi anabwera kudzatiyanjanitsa. Tinawaphikira tiyi, ndipo kuyenda kunathera pomwepo.

Ndinayesa mpira wa manja umene ankasewera aphunzitsi ndi anamwino madzulo. Anandiika kumbuyo kuti ndizitchinga, ati thupi ndili nalo kale. Ndinatchingadi, mpira unandimenya pachifuwa, ndinakhala pansi mwadzidzidzi, ndipo pondidzutsa panafunika azimayi anayi. Zimene ndinkadana nazo kwambiri sizinali kugwako ayi, koma kamluzu kaja. Munthu wa ana asanu kumathamangitsidwa ndi mluzu ngati ng'ombe ya padibi! Ndinapita kawiri basi.

Panatsala kapepala kaja. Ndinasankha Loweruka masana, ana akakhala kosewera, amuna anga ali kowonera mpira. Ndinkatseka chitseko cha kuchipinda, kuvala kabudula wa amuna anga amene ankangofika pamene wafika, kuyala mphasa n'kuyamba kutsanzira tianthu tija. Ndinkadana nazo ndi mtima wanga wonse. Ndinkabuula, ndinkatukwana chamumtima, ndipo kuti ndisabe, ndinkawerenga mokweza m'Chizungu monga momwe tinkachitira kusukulu.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Loweruka ndi tsiku limene alamu anga ankabwera kumsika kudzagulitsa nshawa, mtedza uja, ndipo njinga yawo ankasiya kwathu. Amenewa anali alongo awo aakulu a amuna anga, mlimi wa ku Mphamba, mayi wouma thupi koma wamphamvu ngati nkhuni ya mtondo. Ndi amene analera amuna anga makolo atamwalira, choncho pakhomo pathu mawu awo sankagwa pansi. Tsiku limenelo nshawa zinatha msanga. Anaodira kangapo, sindinamve. Atamva kubuula anazungulira n'kusuzumira pawindo, ndipo anapeza mkazi wa mlongo wawo ali chagada pamphasa, atavala kabudula wa mwamuna, miyendo ili m'mwamba ikunjenjemera, maso ali tong'o, akulankhula yekha chilankhulo chachilendo.

Sanakuwe. Anandidikira pakhonde, ndipo nditatuluka anandigwira dzanja mwachifundo chimene ndinali ndisanachionepo pa iwo.

"Mulamu, ivi ni vimbuza. Nawona na maso ghane."

Vimbuza ndi mizimu imene Atumbuka amati imalowa mwa munthu n'kumamudwalitsa, ndipo mankhwala ake ndi kuiimbira ng'oma kuti ivine, ikhutire. Ndinaseka, ndinakana, ndinathamangira kukatenga kapepala kaja. Alamu anakayang'anitsitsa n'kufunsa kuti ndi dokotala wanji wofuna kuti munthu wabwinobwino afanane ndi timafupa timeneti, masiku ano amene anthu akupempherera mnofu. Kenaka anayamba kundifunsa. Mutu umandipweteka? Inde. Chizungulire? Inde. Mtima kugunda wosathamanga? Inde. Anawomba m'manja kamodzi, mlandu watha. Anati zizindikiro zonse zakwana, mzimu walankhula kale Chizungu, ndipo kukanako n'chizindikiro chinanso, chifukwa palibe wa vimbuza amene amavomera. Analamula kuti ndipite ku Mphamba akandiimbire ng'oma.

Ndinkayembekeza kuti amuna anga andiikira kumbuyo. Atamva nkhaniyi anatuluka panja, ndipo ndinawamva akuseka kuseri kwa bafa mpaka kutsokomola. Atabwerera anaika nkhope yamaliro n'kunena kuti, "Amai, pitani chabe. Muziba alongo anga sagonja." Ndinawakwiyira masiku atatu.

Ndinavomera, koma ndinakanitsitsa zogona konko. Alamu anadandaula kuti ng'oma zimenezi mwambo wake ndi usiku, kenaka anati chabwino, mwina mizimu ya anthu a mu ofesi imasunga nthawi ya boma. Loweruka lotsatira masana ndinapezeka ku Mphamba, pabwalo la kuseri kwa zigafa za fodya. Chimanga chinali chitakololedwa, anthu analibe chochita, ndiye anabwera mudzi wonse. Sing'anga wake anali mayi wamfupi wa maso akuthwa. Anandimanga m'chiuno lamba wa zikopa zolendewera, amene anachita kulumikiza awiri kuti akwane, n'kundimanga mangenjeza m'miyendo. Anandikhazika pamphasa kutsogolo kwa ng'oma zitatu.

Nzeru yanga inali yoti ndingokhala duu mpaka atope, achite manyazi, ndibwerere kwathu. Pa zokhala pansi ndinalibe mnzanga m'boma lonse. Oimba ng'oma anayamba, azimayi akuwomba m'manja n'kumaimba. Anayesa kaimbidwe kena, sing'anga akundiyang'ana m'maso, ine phee. Anasintha, akuti mwina mzimu wake ndi wa Chingoni, ine phee. Anasinthanso kangapo. Mtsikana wina amene anangobwera kudzaonerera anagwidwa n'kuyamba kugubuduka, anachita kumutulutsa, koma ine wodwala weniweni ndinali kuganiza za ndiwo za madzulo. Dzuwa linapendeka, oimba ng'oma manja anawawa, anapempha madzi. Alamu nkhope inagwa, ndipo ndinayamba kuwamvera chisoni.

Pa kupumulako, kumbuyo kwa gulu kunali azimayi atatu a ku Kasungu amene ankagwira ganyu yosankha fodya m'mudzimo. Poona kuti zinthu zazizira, mmodzi anayamba kuimba nyimbo ya chimtali chapansipansi, yongodzisangalatsa, anzake n'kumavomera. Woimba ng'oma wina anaitola mosewera ndi zala. Ine sindinaganize kanthu. Ndinangomva mangenjeza akulira, ndipo poyang'ana pansi ndinapeza kuti ndi phazi langa la kumanzere. Inali nyimbo ya kukhitchini kwa amayi, imene ndinali ndisanaimve zaka zoposa makumi awiri.

Mmene ndinaimirira sindikudziwa, pakuti masiku onse ndinkadzuka pamphasa mochita kugwira khoma. Ng'oma zonse zitatu zinalowa, azimayi a ku Kasungu anabwera kutsogolo, nthungululu zinamveka. Ndinavina. Chiuno chimene ndinkayesa kuti chinapuma ntchito kalekale chinakumbukira zonse. Thukuta linatsika mpaka m'mangenjeza, fumbi linandilowa m'kamwa, mpweya unkandithera, koma nyimbo ikatha ndinkakodola kuti ina. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinatuluka thukuta osakwiyira munthu aliyense. Alamu ankazungulira bwalo akuuza aliyense kuti ananena iwo.

Nditagwera pamphasa, sing'anga uja anaimitsa ng'oma n'kulengeza zimene wapeza. Anati mzimu wake si wa kuno, ndi wa mayi wa Chichewa, wathupi, wokonda gule, amene anamuletsa kuvina ali moyo. Anati sufuna mbuzi kapena nkhuku, ungofuna ng'oma sabata iliyonse. Ndikudziwa bwino lomwe kuti mbiri ya amayi anaimva kwa alamu, amene pakamwa pawo sipankasunga kanthu. Ndine mkhristu, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti mwa ine munali mzimu wa munthu. Komabe ndinalira pamaso pa mudzi wonse, kulira kwenikweni kokhala ndi mamina, chifukwa ndinawasowa amayi anga.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapita ku Mphamba. Zikopa ndi mangenjeza ndinabweza, tinkangovina chimtali ndi azimayi a ku Kasungu aja ndi ena amene anayamba kutiphatikira. Ndinkapita wapansi, ndipo tsopano wanjinga akaima ndinali ndi yankho, chifukwa ndinali ndi kopita. Akazi a mkulu wa mpingo anabwera kudzandifunsa ngati n'zoona kuti ndayamba za mizimu. Ndinawauza kuti ndi gule chabe, ndiponso ndi lamulo la kuchipatala. Anapita kukaona okha kuti akapereke lipoti, ndipo sabata yachitatu anabwera ndi chitenje chomanga m'chiuno.

Kuonda sindinaonde kwenikweni, zimene zinakondweretsa alamu, koma mutu unasiya. Patapita miyezi ingapo adokotala anapopa lamba wawo, anayang'ana, ndipo ulendo uno magalasi sanavule. Anati bipi yatsika, ndipitirize mankhwala, ndipo anandiyamikira potsatira kapepala kawo mokhulupirika. Ndinavomera ndi mutu. Sindikanawauza kuti kapepalako kanali katakulunga vitumbuwa kalekale.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka makumi anayi ndi zinayi ndinkaopa ngakhale kugwira simbi yositira. Chinadutsa. Chinadutsanso china, ndi chinanso. Loweruka limene ndinapitirira zaka zonse zimene amayi anakhala pansi pano, sindinauze munthu, ndinangopita ku Mphamba monga mwa masiku onse. Tili pakati pa gule ndinacheuka, ndipo kumbuyo kwanga pamzere kunali mwana wanga wotsiriza uja, atatalika kundiposa, chitenje chili m'chiuno. Palibe anamuphunzitsa, koma ankayamba ndi phazi la kumanzere.